Chigafa cha Apongozi Ako

Wokondedwa mwana wanga Fatsani,

Ndakhala pansi pa chigafa chathu masana ano, kope lako lakale la sukulu lili pabondo, iwe uli ku Chamama kukatenga jekete kwa atelala. Amayi ako ali kuseri ndi anzawo, akutereka thobwa. Andifunsa kawiri kuti ndikulembera yani kalata pamene munthu wake akugona m'nyumba momwemo, ndipo ndawayankha kuti pali zinthu zina zimene pakamwa pamakana koma dzanja limavomera. Mawa m'mamawa tikwera lole kupita ku Chulu, ukwatira Esinala, ndipo utsala konko pachikamwini monga ndinatsalira ine kuno nditachoka kwathu ku Njombwa zaka makumi atatu zapitazo.

Ndiyambe ndi mlandu wanga, chifukwa ndikaubisa malangizo onsewa suwamvetsa. Tsiku la chinkhoswe, a Mwale, bambo ake a Esinala, ananditengera kuseri kukandionetsa pakhomo pawo. Ndinaona chigafa chachitali chimene udzu wake unaola, nkhokwe yopendekeka, khola la mbuzi, ndi khitchini yodyeka m'munsi. Anandiuza kuti msana unawavuta chaka chatha, sangakwerenso padenga, ndipo Mulungu anawapatsa ana aakazi okhaokha. Udzu anamweta kale, mitolo yaimikidwa pansi pa mango. Kenako anandifunsa mwaulemu ngati mnyamata wanga amadziwa kufolera. Kaya ndi thobwa, kaya ndi jekete yobwereka imene ndinavala, ine sindikudziwa, koma ndinangomva pakamwa panga pakuti: "Ameneyo musade naye nkhawa asewere, anachita kubadwira padenga."

Iweyo Fatsani, amene chibadwire sunagwirepo mtolo wa udzu, amene ndinkakuthamangitsira ku sukulu ukangoyandikira makwerero, amene ntchito yako ndi kutsegula mafoni a anthu ndi kasingano. A Mwale anagwira dzanja langa ndi manja awiri. Fodya wawo wa maekala awiri ali pa nazale panopa, ndipo adzamukoleka m'chigafa chimenecho. Chikadontha, chaka chonse cha banja lawo chiola, ndipo dzina lako lidzaolera pomwepo usanathe n'komwe miyezi isanu m'mudzi wa eni. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ndakhala ndi mtima wolemera kuyambira tsiku limenelo, ndipo ndili ndi mantha.

Choncho ndaganiza kuti ndikulembere zonse zimene ndikudziwa za madenga ndi zipupa, uike pepalali m'thumba, uzikaliwerengera kuseri kwa chimbudzi m'mawa uliwonse usanayambe ntchito. Palibe amene adzadziwe. Usalionetse ngakhale Esinala.

Koma udziwenso mmene ndinaphunzirira ine. Bambo anga anapita ku Joni ndili wakhanda osabwerako, ndipo ndinakulira pa golosale ya mwenye wina wachisilamu, kunyamula matumba a mchere ndi kugona pansi pa malata. Nditafika kuno sindinkadziwa kusiyanitsa mphanda ndi mtanda. Malemu agogo ako a Kamanga, bambo awo a amayi ako, anali mmisiri wa madenga amene anthu ankachita kuwaitana kuchokera midzi itatu. Anali munthu wosalankhulalankhula, ndipo ine ndinkawaopa ngati mmene mkamwini aliyense amaopera apongozi ake, mwinanso kupitirira. Kuwafunsa kukanakhala kuvomera kuti mwana wawo wakwatiwa ndi mwamuna wopanda manja. Ndiye ndinkaima kuseri kwa mpanda wa bafa, ngati ndikunola khasu, n'kumasuzumira pamipata ya tsekera kuti ndione zimene akuchita. Zonse zimene ndikuuze pano ndinaziona pamipata imeneyo.

Yamba ndi mphanda, mitengo ija imene imaima pansi n'kusenza denga lonse. Iliyonse uigwedeze ndi phewa, uilase m'tsinde ndi nsonga ya chikwanje. Ikangoti fwa, chiswe chadyamo, uichotse. Yatsopano usaikwirire yaiwisi. Chaka changa choyamba ndinaona agogo ako akuwaula matsinde a mitengo pamoto, ndiye nanenso ndinawaula yanga. Nditatha ndinaona kuti yada moipa, ndipo poti amayi ako anali akadali mkwatibwi ndinkafuna chigafa chooneka bwino, ndinatenga nsompho n'kupala makala onse aja mpaka mtengo kuyera. Sindinkadziwa kuti makalawo ndiwo mankhwala ake. Pofika mwezi wa Febuluwale mphanda zitatu zinagwada, fodya n'kugona m'matope. Choncho uwaule ndipo usapale, usaiwale zimenezi. Kuti uwaule nthawi yaitali bwanji, apo sindikuuza, chifukwa chaka chotsatira ndinawaula kwambiri ndipo mphepo inathyola ziwiri pomwe panapsapo. Pakati pa ziwirizi pali penapake pabwino, koma ine sindinapapeze ndi maso, ndimangolotera.

Ena masiku ano amapaka oyilo wakuda wotsala ku chigayo, ndipo amangokupatsa ukapita ndi botolo lako. Ndinayesapo, chiswe sichinabwere. Koma chaka chimenecho sichinabwerenso kwa anzathu amene sanapake kanthu, ndiye sindikudziwa kuti ndiyamike oyilo kapena chaka. M'dzenjemo agogo ako ankathiramo phulusa. Mwina ankathamangitsa chiswe, mwina ankangotaya phulusa pamalo poyandikira. Iwe uthiremo basi, phulusa saligula.

Za kumene chigafa chiyang'ane, pano ndilembe mosamala chifukwa ndi pamene ndinachita manyazi aakulu. Agogo ako ankatsitsa udzu mbali imodzi mpaka kufika m'chiuno, mbali inayo n'kuisiya yotseguka kuti mphepo izidutsa. Ine ndili kuseri kwa mpanda ndinaona kuti yotsikayo ili kudzanja lamanja, ndipo ndinasunga mumtima kuti kumanja. Pomanga changa ndinaimira mbali ina ya bwalo, nkhope itayang'ana kwina, n'kutsitsa udzu kumanja kwanga monga ndinaonera. Mvula yamphepo itabwera inalowa ngati ndachita kuitumira uthenga. Sindinaganize kuti nkhalambayo sinkayang'ana manja ake, inkayang'ana kochokera mvula. Ndiye kumbukira, mbali yochokera mvula ndiyo utseke. Kuno kwathu ndimaidziwa tsopano chifukwa inandimenya zaka zambiri. Ku Chulu imachokera kuti, ine sindikudziwa. Uyang'ane zipupa za nyumba zawo, mbali imene yakukutika kwambiri ndi imeneyo. Chokhachi ndinachitulukira ndekha, ndipo ndimanyada nacho.

Tsopano udzu weniweniwo. Usasule wakale wonse, usanamizidwe ndi umene ukuoneka woyera pamwamba, pansi pake ndi manyowa. Uone mapaso ndi mbaliro, timitengo timene udzu umagonapo, zothyoka usinthe. Pomanga, luzi ndi labwino ukaliviika m'madzi usiku wake, koma mitengo ya luzi inatha, ndiye upeze linya la matayala akutha. Kufolera kumayambira m'munsi kukwera m'mwamba, mzere wapamwamba uziphimba wapansi, kuti dontho lizingotsetsereka kuchoka pa wina kupita pa wina. Ine tsiku loyamba ndinayambira pamwamba chifukwa pomwe ndinkafika pampanda paja m'mawa nkhalambayo inali itafika kale pansonga, ndipo ndinayesa kuti ndi pamene yayambira. Madzi ankalowa pamzere uliwonse. Amayi ako anandandalika miphika, mabeseni ndi mtondo womwe pansi pa fodya.

Apa ndaima kaye kulemba, ndayang'ana m'mwamba padenga lathu lino. Ndimafuna ndikuuze kuti udzu umaloza pansi ndi kumutu kapena ndi kutsinde. Mbali ya kum'mawa ndikuona matsinde ali pansi. Mbali ya kumadzulo ndikuona mitu. Ndine ndinafolera zonsezi chaka chatha ndi manja angawa, ndipo sindikukumbuka kuti ndinkaganiza chiyani. Mbali imene imadontha ndi ya kumadzulo, koma ndi kumenenso nkhuku zimakwera n'kumapalasa, ndiye mlandu sindikudziwa kuti ndi wa nkhuku kapena wanga. Uike matsinde pansi. Ayi, dikira. Uyang'ane kaye khitchini ya a Mwale mmene anafolerera asanadwale, utsatire zimenezo.

Za pepala lakuda la pulasitiki undimvetsere, chifukwa zimenezi agogo ako sanazigwiritsepo ntchito ndipo ndi pamene ndinkafuna kuwaposa. Chaka chimene iwe unayamba kukwawa ndinagula mpukutu, n'kuyala pansi pa udzu. Denga silinadonthe ngakhale pang'ono. Ndinasangalala mpaka ndinakutira ndi m'mbali momwe, mbali zonse zinayi, kuti mvula isaone polowera. Ndinkayenda pabwalo manja kumbuyo. Patatha sabata ziwiri ndinatsegula, fungo lake linandibweza. Fodya anachita thukuta m'katimo, anagwira chuku kuyambira mkangala woyamba wokolekapo fodya mpaka womaliza, masamba akumata m'manja. Mvula sinalowe, koma ndinaoletsa fodya ndi madzi ake omwe. Agogo ako anadutsa, anaima, ananunkhiza, n'kupitirira ulendo wawo wa kudimba. Choncho pepala pamwamba pokha, m'mbali muzipita mphepo. Ngati a Mwale alibe pepala, usawaumirize kugula. Matumba a feteleza akutha ukawang'amba n'kuwasoka amathandiza chaka chimodzi, pena osafika. Koma usakutire m'mbali, ndakupempha.

Khitchini yawo ija yadyeka m'munsi chifukwa denga lake ndi lalifupi, madzi akagwa pansi amathovukira kuchipupa. Yathu yoyamba inagwa chimodzimodzi. Ndinaumira udzu, ndikuti wotuluka kunja kwa chipupa ndi wongotaya, ndipo tsiku lina titabwera ku tchalitchi tinapeza mbali imodzi yakhala pansi, nkhuku zikutola chimanga pamwamba pake. Denga lituluke mkono wathunthu kapena kuposa. M'munsi uunjike dothi n'kulitsendera kuti pakhale kakhonde kotsetsereka, ukumbenso ngalande yozungulira yotayira madzi kutali. Kuzira ndi ntchito ya amayi, usailowerere, iwe uzingowatutira dothi. Dothi lake ena amati la pachulu ndilo limagwira, ena amati umakhala waitana chiswe ndi ana ake omwe. Ine ndinayesa zonse ziwiri ndipo chiswe chinabwera kawiri konse.

Nkhokwe yopendekeka usaikankhe muli chimanga. Ndinayesapo ndi phewa, ndipo sindifuna kukamba zambiri za tsiku limenelo. Amayi ako akakhala pa anzawo amaikamba mpaka lero, ukafuna ukawafunse.

Chimene ndimachidziwa bwinobwino, chopanda kaya, ndi malata, chifukwa ndinakulira pansi pake. Msomali umakhomedwa pamsana pa lata osati m'ngalande mwake, ndipo ukaboola chitsekero cha botolo n'kuchiveka kumsomali ndi kachidutswa ka chubu cha njinga, pamenepo sipadontha. Mabowo akale umamata ndi phula kapena pulasitiki wosungunula. Ndalemba zimenezi ndi mtima wonse, kenako ndakumbukira kuti pakhomo pa a Mwale malata ali panyumba yogona yokha, ndipo anandiuza kuti sidontha. Zisunge basi, mwina zidzakuthandiza kwina.

Mwana wanga, ndawerenga zimene ndalemba kuchokera pamwamba ndipo mutu wanga wazungulira. Ndinayamba ndikuganiza kuti ndili ndi nzeru zodzaza kope, koma ndikuona kuti ndakuuza zimene usachite zokhazokha, ndipo pofika pa zimene uchite ndangoti kaya. Ndiye ndinadzifunsa kuti ngati ndine wosadziwa chotere, nanga zigafa zanga zinkaima bwanji? Chifukwa zitatha zaka zoyamba zija, panadutsa zaka zambiri fodya wathu akuuma bwino, mpaka anthu ankanditchula pokamba za alimi. Madenga anga anayambanso kudontha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, ndipo ndakhala ndikunena kuti udzu wa masiku ano ndi wosalimba.

Ndinanyamuka ndi kope langa kupita kuseri, n'kuwaitanira amayi ako pambali. Ndinawafunsa za kumutu ndi kutsinde zija, ndipo m'malo moyankha anaseka mpaka kugwira mtengo wa papaya. Atapuma anandiuza kuti zitatha zaka zoyamba zija, chaka chilichonse ndikamaliza kufolera, agogo ako ankadikira Lachinayi, tsiku limene ndinkapita ku msika wa ku Chamama. Ndikangokhota pa mtengo wa mkuyu, ankabwera ndi makwerero awo, n'kumasula theka la ntchito yanga, n'kuimanganso, ndipo ndisanabwere anali atasesa ndi zinyalala zomwe. Ankawalamula amayi ako kuti asandiuze. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndi pamene tinawaika m'manda agogo akowo.

Ndinafunsa ngati agogo ako ankadziwa za kumpanda kuja. Amayi ako anati ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, chifukwa khasu silinoledwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Anati nthawi zina ankachita dala kutembenukira kumpandako n'kumanga mfundo pang'onopang'ono kuti ndione. Kenako amayi ako anasiya kuseka.

"Ankati, mwamuna wakoyu tsiku limene adzatuluke kuseriko n'kundifunsa, ndidzamupatsa zonse, pakuti ndilibe wina womusiyira. Anakudikirani mpaka anatopa, abambo a Fatsani."

Ndabwerera pansi pa chigafa, cholembera chili m'manja. Sindikudziwa ngati ndikwiye kapena ndithokoze. Zaka zonsezo ndinkayenda m'mudzi muno ngati mmisiri, pamene mkazi wanga, apongozi anga, mwina ndi mudzi wonse, ankadziwa. Ndinkati ndikubisa umbuli wanga, chonsecho anthu ndiwo ankandibisira. Chimene chikundiwawa kwambiri si manyaziwo ayi. Munthu uja anali ndi nzeru za madenga a midzi itatu, anali pamtunda wa mapazi khumi kuchokera pamene ndinkaima, ndipo zonse zinapita naye kumanda chifukwa ine sindinathe kunena mawu awiri. Zikanakhala kuti ndinafunsa, bwenzi lero ndikukulembera kalata yeniyeni. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, ndipo ndakhala ndikuunena mwambi umenewu kwa ana a eni ku tchalitchi osadziwa kuti lambeyo ndine.

Ndiye zija ndinalemba poyamba, zoti uzikawerengera kuseri kwa chimbudzi, uzifute. Ndimafuna kukuimika kuseri kwa mpanda wako ndi pepala m'manja, ndipo a Mwale alibe msana wokwera padenga Lachinayi kukakonza zimene walakwitsa. Msana wawo unatha koma mutu ulipo. Angathe kukhala pampando pansi pa mango n'kumakulozera ndi ndodo, iwe uli pamwamba. Uwafunse chilichonse, ngakhale chooneka chopusa: kumutu kapena kutsinde, moto wautali bwanji, phulusa ndi la chiyani. Akakuseka, aseke. Ufunsenso amayi ake a Esinala kudzera mwa mkazi wako za dothi la khitchini, ndipo ukamva yankho udzanditumizire pa foni, nanenso ndidziwe.

Koma bodza lija ndinanena kwa a Mwale si lako, ndi langa, ndipo sindikufuna kuti ulowe m'banja utasenza katundu wa bambo ako. Ndawauza amayi ako kuti lole ikamabwerera kuno Lamulungu ine sindikwera. Nditsala ku Chulu. Lolemba m'mawa, alendo atabalalika, ndidzapempha a Mwale kuti tipite kuchigafa kuja tili atatu, ndipo ndidzawauza kuti asewere, ndinanama, mwanayu sadziwa kufolera chifukwa bambo akenso sadziwa, tiphunzitseni tonse awiri. Akalola ndidzakhala masiku angapo, iwe pamwamba, ine ndizikuponyera mitolo. Akakwiya, akwiyire ine. Sindikudziwa ngati mwambo umalola kuti bambo wa mkamwini atsale kwa asewere ake atangotha ukwati, ndipo sindikudziwa kuti ndifunse yani, koma nditsala.

Ndikupempha chinthu chimodzi, chifukwa ndimadzidziwa. Tikakaima pamenepo, mwina ndidzayamba kuyamikira mbuzi zawo, kenako ndidzafunsa za nazale, kenako za msewu wa ku boma, ndipo udzaona dzuwa likukwera ine ndikungozungulira. Ukadzaona choncho usandidikire, mwana wanga, ndipo usandimvere chisoni. Udzandidule mawu pamaso pa apongozi ako, udzafunse ndiwe.

Ndine bambo ako,
Lufeyo